Wang Xu, mtsikana wa zaka 18 amene anagwetsa ngwazi

Anzanga, pa 23 Ogasiti 2004, mumzinda wa Athens m'dziko la Greece, mtsikana wina wa ku China dzina lake Wang Xu anapata mendulo ya golide pa mpikisano waukulu wa Olympics. Sanali wa netibo, sanali wothamanga. Masewera ake anali ogwetsana, aja timangoti resilini. Tsiku limenelo n'kuti ali ndi zaka 18 zokha, pakuti anabadwa mu Sepitembala 1985 ku Beijing. Tangoganizani, umenewu ndi msinkhu wa anzathu ena a Fomu 4 omwe timalimbirana nawo mthunzi nthawi ya buleki. Tonsefe n'kuti tisanabadwe, komabe ine ndikuona kuti nkhani yake ndi yoyenera kukhomedwa pabolodi pano, makamaka kuti aiwerenge anyamata aja amaseka akaona mtsikana wa mikono yolimba.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Mukamva zoti resilini, m'mutu mwanu mumabwera John Cena ndi Undertaker, zimphona zija timazionera m'mavidiyo sho a patredini senta, zomenyana ndi mipando, kudumpha kuchokera pazingwe. Ayi aise, si imeneyo. Lija ndi sewero, wopambana amakhala atakonzedwa kale anthu asanayambe n'komwe, ngakhale kuti kugwa kwake kumapweteka ndithu. Ya ku Olympics ilibe zingwe, ilibe mipando, ndipo ukangoponya chibakera kapena theche woimbira amakulanga pompo. Anthu awiri olemera mofanana amaima pamphasa yofewa, mkati mwa bwalo lozungulira la mamita 9 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, wina atavala zofiira, wina zabuluu, n'kuyamba kusakasaka njira yogwetsera mnzake.

Mtundu umene akazi amasewera umatchedwa freestyle. Mmenemu ndi zololedwa kugwira miyendo ya mnzako kapena kumukola ndi mwendo wako, pamene mu mtundu winawo, wa Greco-Roman, womwe ku Olympics amasewera amuna okha, sugwira m'munsi mwa chiuno. Malinga ndi malamulo a masiku ano, pamakhala zigawo ziwiri za mphindi 3 chilichonse, ndipo pakati amapuma masekondi 30 basi. Ukamugwetsa mnzako n'kukhala kumsana kwake ukumulamulira, walemba mapointi 2. Ukamudzula ali chiimire n'kumugwetsa chagada, ndi 4. Ukamukankhira kunja kwa mzere, imodzi. Ukamusiya ndi mapointi 10, masewera amathera pomwepo. Koma chimene aliyense amachilakalaka ndi kukanikiza mapewa onse awiri a mnzake pamphasa. Zikatero, kaya mnzakoyo amatsogola ndi mapointi angati, waluza basi. Mphindi 6 zikuoneka zochepa pozilemba papepala, koma tayesani kukankhana ndi mnzanu wamphamvu ngati inu kwa mphindi imodzi yokha, muone mmene mpweya umathera.

Amuna anayamba kugwetsana ku Olympics mu 1896, ndipo freestyle inalowa mu 1904. Akazi anadikira mpaka 2004. Amene masamu sakuvutani mwapeza kale kuti ndi zaka 100 zathunthu. Mpikisano wa akazi wa dziko lonse unayamba mu 1987 ku Norway, koma chitseko cha Olympics chinakhala chitsekere zaka zina 17. Atachitsegula, anangochitsegula pang'ono, magulu anayi okha: la makilogalamu 48, la 55, la 63 ndi la 72. Wang Xu anali m'gulu lomalizali, la olemera kuposa onse.

Gulu limeneli linali ndi mwini wake kale. Kyoko Hamaguchi wa ku Japan anali atakhala ngwazi ya dziko lonse kasanu, mu 1997, 1998, 1999, 2002 ndi 2003. Bambo ake anali katswiri wotchuka wa resilini ya pa TV kwawoko, ndipo ndi iwo ankamuphunzitsa. Dziko la Japan linkamudalira kwambiri moti ndi iyeyu amene ananyamula mbendera ya dziko lawo pa mwambo wotsegulira mpikisano wa ku Athens. Pamene Hamaguchi ankatenga ukatswiri wake woyamba mu 1997, Wang Xu anali kamwana kosapitirira zaka 12, ngati wa Sitandade 6. Mukanakhala inu, golide mukanamuika m'thumba la ndani? Ine ndikanati la Hamaguchi, ndipo sindikanachita manyazi kutero.

Awiriwa anakumana mu semifainolo. Anagwirana kolimba mpaka kumapeto, ndipo Wang Xu anapambana ndi kusiyana kochepa zedi. Kenako mu fainolo anagonjetsa Guzel Manyurova wa ku Russia n'kutenga golide. Hamaguchi anabwerera kwawo ndi mendulo ya mkuwa. Ine chimene chimandigwira mtima si mphamvu zokha ayi. Ndimaganizira za mphindi ija woimbira asanalize wezulo, pamene mtsikana wa zaka 18 waima moyang'anizana ndi munthu amene dzina lake lokha limanjenjemeretsa anthu. Ambirife timagonja pamenepo. Pepala la Fizikisi lisanatembenuzidwe n'komwe, mtima wavomera kale kuti walephera. Iye sanalole kuti dzina limugwetse. Anati limugwetse ndi thupi ngati lingathe, ndipo silinathe.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani yanga. Ku Athens dziko la China linapata mamendulo agolide 32, ndipo linakhala lachiwiri pambuyo pa America. Choncho golide sanali wachilendo kwa iwo. Koma pa masewera ogwetsana, uyu wa Wang Xu anali woyamba m'mbiri ya dziko lawo. Wachiwiri anabwera mu 2008 ku Beijing, ndipo anabwera naye ndi mtsikana winanso, Wang Jiao wa zaka 20, m'gulu lomwelo la makilogalamu 72. Iyeyu mu fainolo anakanikiza mapewa a Stanka Zlateva wa ku Bulgaria, yemwe anali ngwazi ya dziko lonse mu 2006 ndi 2007. Kufikira mpikisano wa ku Paris mu 2024, mamendulo agolide a China pa masewerawa ndi awiri omwewa basi. Amuna akumeneko apatapo siliva ndi mkuwa, sitingawanyoze, koma golide sanamugwirepo, m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni. Ndiye tiyerekeze kuti akuluakulu a masewera ku China anakakamira maganizo akuti kugwetsana si kwa atsikana. Bwenzi lero ali ndi ziro.

Ena anena kuti Wang Xu anangobadwa choncho, ndi mphatso yochokera kumwamba. Mphatso inalipo, sindikukana. Koma mphatso yokha siitengera munthu ku Athens. Ku China boma lili ndi sukulu zamasewera, ndipo makochi amayendayenda kufunafuna ana ooneka kuti thupi lawo lingathe zinazake. Mwana akachita bwino amakwera kupita ku timu ya mzinda kapena ya chigawo, ndipo akapambana anzake onse amatengedwa ku timu ya dziko. Pakatha zaka zinayi zilizonse zigawo zonse zimakumana pa mpikisano waukulu wa dziko lawo, ndipo chigawo chilichonse chimafuna kubwerako ndi ulemu, motero makochi sagona tulo. Mwana wotere amakhala ndi pogona, chakudya chokwanira, mphasa yophunzirirapo, dokotala akavulala, ndiponso anzake amphamvu oyeserera nawo tsiku ndi tsiku. Paja akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Chimene China inachita mwanzeru n'chakuti sinayang'ane kuti m'merawo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Inangowerenga kuti pali mamendulo anayi atsopano, n'kuyamba kukonzekera.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse za kumeneko n'zokoma. Mwana wolowa njira imeneyi amachoka pakhomo pa makolo ake ali wamng'ono, ndipo maola ambiri amathera pophunzira masewera osati m'kalasi. Olowa ndi ambirimbiri, ofika pamwamba ndi owerengeka. Nanga otsalawo, aja avulala bondo kapena angopezeka kuti alipo wina wowaposa, amapita kuti, poti mabuku anawasiya pambuyo? Funso limeneli ine limandisowetsa mtendere, ndipo sindingafune kuti mng'ono wanga asiye sukulu chifukwa cha mendulo imene mwina sadzaiona.

Ngakhale ngwazi yeniyeniyo njirayi siimvera chisoni. Ku Olympics dziko lililonse limaloledwa kutumiza munthu mmodzi yekha pa gulu lililonse. Wang Xu anapitiriza kuchita bwino, moti mu 2006 anatenganso golide pa mpikisano wa maiko a ku Asia ku Doha. Koma pamene Olympics inafika ku Beijing mu 2008, mumzinda umene iye anabadwira, pamaso pa anthu akwawo, malo a makilogalamu 72 anapatsidwa kwa Wang Jiao. Wang Xu n'kuti ali ndi zaka 22 zokha. Makochi anganene kuti sanalakwe, poti golide anabwera ndithu. Komabe taganizani kukhala munthu amene unatsegula chitseko, ndiye tsiku la phwando kwanu komwe ukuonerera mnzako akulowa. Ine zimandiwawa ngati ndine. Kukwera msanga kuli ndi vuto lake, chifukwa pambuyo pako pamakhala pakubwera wina wamng'ono kuposa iwe, wanjala ngati mmene unalili iwe dzana.

Palinso nkhani ya sikelo. Poti amapikisana potengera kulemera, aliyense amayenera kukwera pasikelo m'mawa wa tsiku la masewera, ndipo ambiri amadzimana chakudya ndi madzi kuti akwane m'gulu lawo. Ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India anafika mu fainolo ya makilogalamu 50, koma m'mawa wa tsiku la fainoloyo sikelo inaonetsa kuti wapitirira ndi magalamu 100. Anachotsedwa, ndipo sanalandire mendulo ina iliyonse. Magalamu 100, anzanga, ndi madzi osakwana theka la kapu. Pamenepa ine sindigwirizana nazo. Lamulo ndi lamulo, inde, koma masewera amene amachititsa munthu kuopa kumwa madzi ali ndi pena pofunika kukonza.

Chichokereni 2008 golide sanabwerenso ku China, makamaka chifukwa cha atsikana a ku Japan, omwe pa masewerawa ndi akamuna, ngati mungandilole kutero. Saori Yoshida anatenga golide katatu motsatizana, Kaori Icho kanayi, kuyambira 2004 mpaka 2016. Komabe mzere umene Wang Xu anauyamba sunaduke. Sun Yanan anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 2013 ali ndi zaka 21, anapata mkuwa ku Rio mu 2016, kenako siliva ku Tokyo. Mu semifainolo ya ku Tokyo anatsalira kwambiri kwa Sarah Hildebrandt wa ku America, koma anabweza pang'onopang'ono mpaka anamugwetsa kutatsala masekondi ochepa, n'kupambana 10 kwa 7. Mu fainolo Yui Susaki wa ku Japan anamuchita 10 kwa 0 mosataya nthawi, masewera ndi choncho. Ku Paris atsikana atatu, Feng Ziqi, Pang Qianyu ndi Hong Kexin, anabwerako ndi mkuwa aliyense. Zaka 20 chigwetsereni Wang Xu ngwazi ija, atsikana akumeneko akadakwerabe pansanja yolandirira mamendulo.

Mwina wina akuti, zonsezi ndi za ku China, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa chidebe. Chidebe cha malita 20 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, osawerengera chidebecho. Atsikana ambiri amene mukuwerenga pano, ine ndemwe, timachisenza m'mawa tisananyamuke ulendo wa kusukulu, ena kawiri kapena katatu, ndiye madzulo mtolo wa nkhuni, Loweruka thumba la chimanga kupita kuchigayo. Pamenepo palibe amene amati mtsikana asanyamule zolemera adzauma thupi. Pamenepo timatamandidwa kuti ndife akhama, tinaleredwa bwino. Koma mphamvu zomwezo ukangopita nazo kubwalo, ukamuthamangitsa mnyamata pa mpira n'kumulanda, mayina amayamba. Uyu ndi chimuna. Uyu adzamenya mwamuna wake. Uyu sadzakwatiwa. Eti mphamvu zathu ndi zabwino zikamatumikira ena, koma zikatibweretsera ifeyo ulemu zasanduka zochititsa manyazi? Ine maganizo amenewa ndikuwakana, ndipo ndikuwakana poyera.

Zonena zakuti adzamenya mwamuna wake zimandiseketsa, komanso zimandimvetsa chisoni. Masewera ogwetsana ndi amene amaphunzitsa munthu kudzigwira. Uli ndi mkwiyo, mnzako wakupinda khosi, koma sungamumenye, sungamulume, sungamukoke tsitsi. Woimbira akaliza wezulo umasiya pompo, ndipo pamapeto umapereka moni wa dzanja kwa amene wakugwetsayo ndi kwa kochi wake. Amene amayambitsa ndewu panjira tikamaweruka si anthu ophunzira zoterezi. Ndipo tinene zoona, pa maukwati amene timamva kuti kuli kumenyana m'midzi mwathumu, ndi angati amene womenyayo ndi mkazi wamasewera?

Winanso anganene kuti Achina ali ndi ndalama, ife tilibe. N'zoona, ndipo ndanena kale kuti mphasa, chakudya ndi kochi n'zofunika. Koma muno mu Africa zachitikapo. Marwa Amri wa ku Tunisia anapata mkuwa ku Rio mu 2016, n'kukhala mkazi woyamba wa mu Africa kupeza mendulo ya Olympics pa masewerawa. Blessing Oborududu wa ku Nigeria anapata siliva ku Tokyo m'gulu la makilogalamu 68, mendulo yoyamba ya dziko lake pa zogwetsana. Kumenekonso mwaona, woyamba anali mkazi. Ndipo ngati mukufuna a kwathu konkuno, Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, anakasewera mpira wa miyendo ku China komweko, ndipo Achinawo ndi amene ankawalipira kuti awagoletsere zigoli. Lero aliyense amawatchula monyadira, ngakhale anyamata omwe aja amatiseka kubwalo. Dziko lathu silinapatepo mendulo ina iliyonse ya Olympics chiyambire. Ndani angalumbire kuti yoyambayo idzabwera ndi mwamuna? A ku China akanalumbira choncho mu 2003 akananama, a ku Nigeria chimodzimodzi.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti mawa pa buleki tiyambe kugwetsana kuseli kwa kalasi. Bwalo lathu ndi louma gwa, lili ndi miyala, tilibe mphasa, tilibe munthu wodziwa kuphunzitsa kagwedwe koyenera, ndipo munthu akhoza kuthyoka khosi. Amene ayese zimenezo asadzati ndinamutuma ndine. Chimene ndikupempha n'chaching'ono, ndipo sichifuna ndalama. Tsiku la masewera, mpira wa miyendo usamakhale wa anyamata kuyambira poyamba mpaka belu, ife n'kumangouzidwa kuti pitani ku netibo kapena khalani pansi muziimba. Netibo ndimaikonda, ndipo ma Queens atipatsa ulemu kunja, koma pabwalo pamalowa anthu 14 okha, nanga enafe? Bwalo tiligawane, theka la nthawi iwo, theka ife. Pokonzekera mpikisano wa sukulu za m'dera lathu, atsikana tiyesedwe nawo pa kuponya chitsulo ndi nthungo, ndipo zotsatira zilembedwe ndi kukhomedwa pabolodi pompano monga amachitira ndi zigoli za anyamata, kuti tidziwe amene ali ndi dzanja. Kukokana chingwe nakonso kumangofuna chingwe basi.

Kwa inu anyamata, ndilibe nanu nkhondo. Ambiri mwa inu ndinu achimwene athu, timayenda limodzi mtunda wonsewu m'mawa uliwonse. Ndikungopempha kuti mtsikana akakuposani pa chinachake musamubwezere ndi dzina lonyoza, chifukwa alipo anzathu amene anasiya kubwera kubwalo kaamba ka mayina amenewa, ndipo ena mwa iwo ndi othamanga kuposa theka la timu yanu. Kwa inu atsikana anzanga, amene mukufuna kuti pempho la bwaloli likafike kwa a pulifekiti a zamasewera ndi kwa aphunzitsi, ndapachika pepala lina m'munsi mwa nkhaniyi. Lembanipo dzina ndi kalasi lanu Lachitatu lisanafike, ndipo mubwere ndi cholembera chanu chifukwa changa inki ikutha.